Za tsiku lopuma ndi kukonza ngalawa padoko

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ife okhala kumtunda sitiiganizira kawirikawiri, koma imene imakhudza moyo wa aliyense wokwera ngalawa, boti kapena bwato pa Nyanja ya Malawi, makamaka m'miyezi ino ya mwera. Nkhaniyi ndi ya tsiku limene woyendetsa ngalawa amalamula kuti ulendo uime, nangula aponyedwe, anthu apume ndipo zowonongeka zikonzedwe, ngakhale okwera ali pa changu ndipo kumwamba kukuoneka kowala bwino. Ine ndinali m'gulu la anthu amene amaona tsiku lotere ngati ulesi wa amalinyero, kufikira pamene linandigwera ndekha ku Nkhotakota m'mwezi wa Julaye chaka chatha, ndipo zimene maso anga anaona tsiku limenelo ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Ndine mphunzitsi wobadwira kumtunda, ndipo nyanja ndinaidziwira kuchikamwini, pakuti akazi anga kwawo ndi ku Likoma. Alamu anga ali ndi ngalawa ya thanga yotalika mamita 7, yokhala ndi kainjini kumbuyo kongothandizira polowa ndi potuluka padoko, ndipo pamene mwana wawo ankakwatira kuchilumbako anaganiza zoti amuna tipite pa ngalawa imeneyi kuchokera ku Monkey Bay, amayi atatsogola kale pa sitima. Tinalimo anthu 5: alamu anga, ine, anyamata awiri a kubanja komweko, ndi bambo wina wachikulire wa ku Likoma amene wakalambira pamadzi, yemwe tonse tinkangomutcha kuti a kaputeni. Ukwati unali Loweruka, ndipo malinga ndi mmene ndinawerengera masiku papepala, tinayenera kufika Lachinayi madzulo kuti Lachisanu tithandize zokonzekera.

Tsiku limene linatiyesa ndi Lachiwiri, kuchokera ku Senga Bay kulunjika ku Nkhotakota, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Mwera unayamba mwaulemu m'bandakucha, koma pofika 10 koloko unali utakula moti thanga lalikulu tinalipinda m'munsi kuti lichepe. Owerenga amene sanayendepo panyanja adziwe kuti nyanja yathu inagona motalika kuchokera kummwera kukafika kumpoto, makilomita oposa 560, ndipo mwera umaomba motsata utali womwewo, choncho funde limene labadwira cha ku Mangochi limanka likukula popeza palibe chimene chimalitchinga panjira. Mafunde ake amabwera mothithikana ndipo amaimirira, kotero ngalawa isanatsike bwino pa funde loyamba, lachiwiri limakhala litafika kale. Wopita kumpoto amanyengeka msanga chifukwa mphepo ili kumbuyo kwake, ngalawa ikuthamanga ndipo madzi sakumuwaza kumaso, pamene funde lililonse likamanyamula kumbuyo kwa ngalawa limafuna kuigonetsa chammbali, ndipo chimene chimalimbana nalo ndi chiwongolero chokha. Kawiri konse mphepo inalowa kuseri kwa thanga n'kuliponyera mbali inayo, mtengo wa m'munsi mwake ukudutsa pamwamba pa mitu yathu ndi phokoso longa la mfuti. Tinadutsa chilumba cha Mbenji palibe wolankhula, ndipo tinakocheza kuseri kwa mchenga wautali wa Sungu, umene umatchinjiriza gombe la Nkhotakota, dzuwa likulowa, titatha maola oposa 10 pamadzi.

Usiku womwewo, tikudya mpunga pagombe, a kaputeni ananena mosakweza mawu kuti mawa lake ngalawa sichoka. Ndikuvomereza pamaso pa owerenga anu kuti ine ndi amene ndinatsutsa kwambiri. Ndinati ngalawa yafika yamphumphu, palibe chimene chathyoka, mphepo yayamba kuzizira, ndipo tsiku limodzi lotayika likutanthauza kuti tikafika Lachisanu usiku ngati alendo wamba pa ukwati wa mwana wathu yemwe. Ndinafika ponena kuti anthu a kunyanja sadziwa kusunga nthawi, mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Bamboyo anandisiya ndimalize, kenako anati: "Aphunzitsi, ukwati ungathe kuchitika inu palibe, koma sindikufuna kuti anthu omwewo asonkhanenso sabata yamawa chifukwa cha inu. Chiwongolero chandiuza kanthu m'dzanja lero kuyambira pa Mbenji paja, ndipo sindinachimvetse bwino. Mawa kukacha ndikufuna ndichifunse." Alamu anga, amene ndiwo eni ngalawa, anangoti zimene anena a kaputeni ndi zomwezo, ndipo ine ndinakagona mtima uli kuwawa.

Kutacha tinakokera ngalawa pa madzi ofika m'chiuno n'kutsitsa katundu yense pamchenga. A kaputeni sanayambe ndi chiwongolero. Anatenga kansalu kakale, n'kukakulunga pa waya mmodzi mwa amene amagwira mlongoti kuti usagwe, ndipo anakatsetsereka nako pang'onopang'ono kuchokera pamene dzanja lawo linkafika mpaka pansi. Pa waya wa kumanzere kansaluko kanadutsa bwinobwino, koma pa wa kumanja kanakodwa chapansi, pamene waya amalowa m'chitsulo chake. Waya wotere amapangidwa ndi timawaya 19 topotedwa pamodzi, ndipo 4 mwa timeneti tinali titaduka, nsonga zake zitangotuluka pang'ono ngati timinga, moti ndi maso okha munthu sakanationa. Anandiitana kuti ndikhudze ndi chala changa, ndipo anandifotokozera kuti timawaya tina tikaduka, totsalato timasenza katundu wa tinzake, ndiye kaduke kachisanu sikachedwa ngati koyamba. Ulendo wopita ku Likoma uli ndi chigawo chowoloka nyanja kulowera chakum'mawa, pamene mwera umabwera chammbali kuchokera kudzanja lamanja, ndipo waya amene akanasenza mphamvu yonse ya thanga pa chigawo chimenecho ndi yemweyo wodukadukayo.

Kenako anazula chiwongolero n'kuchigoneka pamchenga. Chimazungulira pa tizitsulo tiwiri, kalikonse konenepa ngati chala chachikulu cha kudzanja, ndipo kwa ine tonse tinkaoneka tabwinobwino. Bamboyo anapukuta kachitsulo ka m'munsi, anakanyowetsa ndi palafini, anadikira kanthawi, anakapukutanso mpaka kuuma, kenako anafunsa ngati pali amene ali ndi choko. Monga mmene zimakhalira ndi aphunzitsi, kachidutswa kanapezeka m'kathumba ka chikwama changa. Atapaka chokocho kuzungulira tsinde la kachitsuloko tinangokhala chete kuyang'ana, ndipo posakhalitsa pa ufa woyerawo panayamba kuoneka kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira kupitirira theka la kachitsulo konse. Palafini amene analowa mumng'alu ndiye ankatuluka n'kudetsa choko. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikugwira choko tsiku ndi tsiku, koma sindinaganizepo kuti chingandiphunzitse ine mwini wake. Ngalawa imene yataya chiwongolero pakati pa mafunde a mwera imatembenukira chammbali, ndipo funde lotsatira limaipeza itagona mopingasa. Sindinapepese ndi mawu pa nthawi imeneyo, koma pamene a kaputeni anafunsa woti anyamule chiwongolerocho kupita nacho kwa owotcherera zitsulo, ndinachisenza ndine.

Thanga nalo linali litatseguka msoko, kutalika kwake ngati mkono wa munthu wamkulu, pamalo pamene linkakhula waya tikuthamanga ndi mphepo. Anyamata analinyamula kupita nalo kwa telala wa pakhonde pafupi ndi msika, munthu waulemu amene anayesetsa ndi makina ake opalasa ndi phazi mpaka singano ziwiri zinathyoka, chifukwa nsalu ya thanga ikapindidwa patatu imalimba ngati chikopa. Iye mwini ndi amene anati ntchito imeneyi si ya makina ake, ndipo anatumiza mwana kukaitana mnzake wosoka nsapato. Uyu anabwera ndi singano yake ya kangowe kunsonga ndi ulusi wa nayiloni, umene anaupaka kandulo kuti uziterera komanso kuti usamamwe madzi. Thangalo tinaliyala pansi pa mtengo wa mango, ana a pamsikapo atagwira m'mbali kuti mphepo isalinyamule, telala akudula chigamba pa tenti yakale n'kuchipinda m'mphepete, wosoka nsapato akuboola, ndipo a kaputeni akuwaonetsa kuti msoko uziyenda mokhotakhota, popeza msoko wowongoka umaduka nsalu ikatamuka ndi mphepo. Ntchito imeneyi inatenga maola atatu. Amisiri awiriwo anali asanasokepo thanga chibadwire, koma pofika kumapeto kwa chigamba manja awo anali atazolowera moti a kaputeni anasiya kuwalangiza n'kuyamba kucheza nawo za mitengo ya usipa.

Kwa owotcherera zitsulo zinthu sizinayende msanga. Ntchito yawo ya masiku onse ndi mafelemu a mawindo, mageti ndi ngolo, ndipo tinawapeza atakhala pansi chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Anayaka cha m'ma 3 koloko. Mnyamata wowotchererayo anayamba wakumba mng'alu uja ndi chopalira kuti moto ulowe mpaka mkati, ndipo atamaliza kuwotcherera anafuna kuviika chitsulocho m'ndowa ya madzi monga amachitira ndi mageti, koma a kaputeni anamugwira dzanja n'kumuuza kuti achikwirire mumchenga wouma chizizire chokha, pakuti chitsulo chozizira mwadzidzidzi chimauma mtima ndipo chimathyoka osapindika n'komwe. Ananenanso poyera kuti kuwotcherera kumeneko n'kongotifikitsa, chifukwa ndodo zowotcherera zimene zinalipo sizinali za mtundu wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo anagula bauti wamkulu wa lole kuti akhale wapadera ngati kachitsuloko kangatikhumudwitse panjira. Waya wa mlongoti sanapezeke m'sitolo iliyonse ya m'tauniyo. Tinadula mbali yowonongekayo, tinapinda nsonga yake n'kuimanga ndi tizitsulo titatu tofinyira waya, ndipo pamene panaperewera tinalumikiza ndi kaunyolo kakafupi.

Ndakhalitsa pa zitsulo ndi nsalu, koma anthu nafenso tinali ofunika kukonzedwa. Mnyamata mmodzi anali atasanza tsiku lonse la dzulo lake ndipo milomo inali itauma, choncho tinamumwetsa madzi a mchere ndi shuga n'kumusiya agone pamthunzi. Winayo m'manja munali matuza okhaokha chifukwa cha zingwe. A kaputeni, amene anagwira chiwongolero pafupifupi ulendo wonse osasinthana ndi wina, anagona tulo tofa nato kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nthawi imene magetsi anayaka, ndipo atadzuka anandiuza kuti dzanja lotopa limachedwa kuyankha funde, ndipo kuchedwa kwa kamphindi kamodzi n'kokwanira kugonetsa ngalawa. Zovala ndi zofunda zonse zinali zonyowa, ndipo tinaziyanika pamchenga pamodzi ndi majekete opulumutsira moyo, pamene tinapezanso kuti awiri mwa majeketewo zomangira zake zinali zitafumbwa. Madzulo tinapita kukasamba ku akasupe a madzi otentha a ku Mawira, ndipo tinabwerako n'kudya kondowole ndi nsomba yowotcha. Aka kanali koyamba kudya chakudya chotentha cha masana ndi chamadzulo chichokereni ku Monkey Bay.

Podikira magetsi paja ndinayenda pang'ono m'tauni, ndipo Nkhotakota ndi malo amene munthu woganizira za nyanja sangayendemo osakumana ndi mbiri yake. Kuno n'kumene Salim bin Abdullah, amene anthu ankamutcha Jumbe, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake za matanga zinkawoloka kupita kutsidya la kum'mawa zitanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo. Malondawo anali oipa kotheratu, ndipo mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 pofuna kuti malondawo athe umasonyezedwabe kwa alendo. Komabe amalinyero a zombozo, amene analibe injini, analibenso njira ina koma kudikira pagombe mpaka mphepo yoyenera ifike, ndipo luso lodziwa nthawi yonyamuka ndi nthawi yokhala pansi linakula m'dera lino kuyambira kalekale. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints, mmene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples. Iyeyu anamira pa 2 Seputembala 1895, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, pamene ngalawa ya thanga imene anakwera inatembenuzika ndi namondwe kufupi ndi Senga Bay, m'madzi omwewo amene ife tinadutsamo dzulo lake, ndiponso akulowera ku chilumba chomwecho chimene ife tinkalowera. Akuluakulu a kumpoto amakumbukiranso sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julaye 1946 cha kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutayika. Sitima yachitsulo ya injini, yatsopano, inagonja m'mwezi womwewo umene ine ndinkakakamiza kuti kangalawa ka mamita 7 kanyamuke osayang'anidwa.

Amene amayendetsa zombo mwadongosolo tsiku lotereli amaliika m'ndondomeko ulendo usanayambe. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito panyanja pano mu 1951, kwa zaka zambiri inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku doko la Chilumba ku Karonga, n'kubwerera Lachitatu, ndipo Lachinayi linali tsiku lake lokhala padoko. Pamwamba pa apo imakhala ndi nyengo yoima kotheratu kuti ikonzedwe. Anthu amadandaula ikaima, ndipo a ku Likoma ndi Chizumulu amavutikadi, koma ndikukayika ngati chombo chimene chatumikira zaka zoposa 70 chikanafika lero chikanakhala chosapumitsidwa. Ngakhale mpikisano wa ngalawa za matanga umene umachitika m'mwezi wa Julaye kuyambira mu 1984, wa mtunda wa makilomita pafupifupi 500, umayenda m'zigawozigawo, opikisanawo akugona pagombe usiku uliwonse, kumene amayang'ana zingwe ndi matanga awo asanapitirire. Ngati anthu amene cholinga chawo chonse ndi liwiro amapeza mpata woima, ife oyenda ulendo wamba tilibe chifukwa chomveka chokanira.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo ndi mfundo yolemera. Anena kuti ngalawa ya alamu anga ndi ya anthu opeza bwino, amene tsiku limodzi padoko limangowachedwetsa ku ukwati, pamene msodzi wa usipa akapanda kupalasa usiku umodzi, ana ake mawa sadya. Ndi zoona. Pagombe pomwe tinali panali mabwato ndi maboti a matabwa ambiri, ndipo ndinaona anyamata akutseka ming'alu ndi nsanza zoviika m'phula mofulumira kuti dzuwa likamalowa akhale atanyamuka ndi nyali zawo. Mmodzi anandiuza kuti thabwa la pansi pa boti lawo linafunika kusinthidwa kalekale, koma mwini boti ali ndi ngongole ya injini ndi ya ukonde wa chilimira, ndipo iwo amalandira gawo lawo pokhapokha nsomba zagwidwa. Choncho m'boti muja mumakhala munthu mmodzi amene ntchito yake usiku wonse ndi kukapa madzi. Koma mfundo imeneyi, m'malo mofooketsa zimene ndikunena, ikuonetsa pamene pagona vuto lenileni: amene amadziwa kuti boti ladwala ndi amene alibe mphamvu yoliimitsa, ndipo amene ali ndi mphamvuyo nthawi zambiri amakhala kumtunda, akudikira ndalama. Mtengo wa tsiku lokonza boti umagwera wogwira ntchito yekha, pamene phindu la boti lokonzedwa bwino ndi la mwini wake. Malinga ngati zinthu zikhala chonchi, palibe chenjezo la pawailesi limene lingasunge anyamata amenewa pagombe.

Pa chifukwa chimenechi pempho langa loyamba likupita kwa eni maboti, a usodzi ndi onyamula anthu omwe, kuti tsiku lokonza liziwerengedwa ngati tsiku la ntchito, ndipo amalinyero azilandira kangachepe pa tsikulo, chifukwa kusoka, kumata ndi kupala matabwa ndi ntchito ya thukuta monga kuponya khoka. Mafumu ndi makomiti a m'mphepete mwa nyanja angathe kuthandizapo, ndipo chitsanzo sichili kutali. Pa chilumba cha Mbenji chimene tinadutsa chija, ufumu wa Makanjira wa ku Salima wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya mvula kwa zaka makumi ambiri, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo limagwira aliyense mofanana. Ngati mudzi ungathe kugwirizana zopumitsa nsomba kwa miyezi ingapo, ungathenso kugwirizana kuti boti limene likulowa madzi lisachoke pagombe mpaka mmisiri walione, ndiponso kuti tsiku limene mwera wakula palibe amene anyamuke, kuti wotsala asamaone ngati anzake akumudyera.

Pempho lachiwiri ndi la kwa akuluakulu oona za maulendo a pamadzi pamodzi ndi makhonsolo a maboma a m'mbali mwa nyanja. Ife tinakonza ngalawa yathu chifukwa cha kukoma mtima kwa telala, wosoka nsapato ndi wowotcherera mageti, ndipo ndimawathokoza, koma tinachita mwayi kuti zowonongekazo zinali za msinkhu wawo. Sindikupempha madoko akuluakulu a simenti ngati a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay kapena Chilumba paliponse. Ndikupempha zinthu zazing'ono pa magombe amene maboti amakochezapo mwaunyinji: malo otsetsereka okokerapo boti kuti liume pansi pake, kashedi kokhala ndi zida zobwereka, mpope wa madzi abwino, chimbudzi, ndi kasitolo kamene mungapezeke waya, zingwe, mabauti osachita dzimbiri, phula ndi mapulagi a injini. Sukulu ya amalinyero ya ku Monkey Bay ingathenso kumatumiza aphunzitsi ake m'magombe kwa masiku ochepa pachaka kuti akaonetse amisiri a m'midzi njira zosavuta zofufuzira chombo, monga ya kansalu ndi ya choko zimene ndafotokozazi. Njira zimenezi sizilira ndalama, koma zili m'mitu ya okalamba ochepa, ndipo a kaputeni athu anandiuza modandaula kuti anyamata a masiku ano amathamangira kuphunzira injini n'kunyoza thanga ndi thabwa.

Pempho lachitatu ndi la kwa ife okwera, ndipo pano ndikudzilozanso chala ndekha. Woyendetsa boti akati lero sitinyamuka, timamuzinga ndi mawu, wina akuti ali ndi maliro, wina akuti matemba ake awonongeka, wina akuopseza kuti akwera boti la mnzake ndipo sadzabweranso. Mawu oterewa amalemera kwambiri pa munthu amene akudziwa kuti bwana wake amufunsa za ndalama ya tsikulo. Ine ndinali ndi maphunziro ndi pepala la masiku m'thumba, ndipo ndinayesa kugonjetsa nazo munthu amene anamva mng'alu wa chitsulo kudzera m'dzanja lake pakati pa mafunde. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti eni ngalawa anaima kumbali ya woyendetsa wawo. Akanakhala munthu wofuna kusangalatsa mlamu wake wa kutauni, tikananyamuka. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita choposa apo, popeza ndinauzidwa osafunsa n'komwe ndipo ndinakanabe.

Lachinayi m'bandakucha tinanyamuka mphepo itachepa, tinatsata gombe mpaka cha ku Dwangwa kumene tinagona, ndipo Lachisanu tinawoloka. Cha pakati pa nyanja, pamene mapiri a kumbuyo anali atazimiririka ndipo a ku Mozambique akungooneka ngati utsi, mwera unabweranso chammbali kwa maola atatu, ngalawa itapendekera kumanzere, waya womangidwa ndi kaunyolo uja atakungika ngati nsambo ya bangwe. Maso anga sanachoke pa waya ameneyo mpaka pamene tinaona nsanja za tchalitchi cha St Peter's ndi milambe ya pachilumba. Tinafika mdima utagwa, amayi atayamba kale kuphika, ndipo ntchito imene inanditsalira pa zokonzekera zonse inali yonyamula mabenchi. Kachitsulo kowotcherera kaja kanatifikitsa ndi kutibweza, ndipo kanasinthidwa titabwerera ku Monkey Bay pamodzi ndi mawaya onse awiri, koma chigamba cha wosoka nsapato alamu anga anakana kuchichotsa, ndipo chikadali pathangapo.

Pempho lotsiriza ndi la kwa inu, a Mkonzi. Nthambi yoona zanyengo imatulutsa machenjezo a mwera, ndipo amamveka pawailesi, koma kawirikawiri amanena za liwiro la mphepo m'makilomita pa ola, chinthu chimene msodzi wa ku Nkhotakota kapena mayi wokwera boti ndi dengu la usipa sangachiyerekeze msanga. Ndikupempha kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti muzipatula kadanga kakang'ono pa tsamba lino ndi pa masamba anu a pa intaneti, kolembedwa m'Chichewa chomveka, konena mphepo imene ikuyembekezeka m'masiku atatu akubwerawo ndi dzina limene anthu a kunyanja amaidziwa nalo, kaya ndi mwera, mpoto, vuma kapena zambwe, ndiponso konena mosabisa ngati mabwato ndi maboti ang'onoang'ono ayenera kukhala pagombe. Makomiti a m'magombe angathe kumakopera mawu amenewo pa bolodi pafupi ndi pokwerera, kuti woyendetsa boti akamati lero tikonza, azikhala ndi poloza okwera akayamba kumukakamiza.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa ku Dowa